Kumene Nthambi za Chiganizo cha Chingerezi Zidachokera

Aliyense amene adadutsa m'sukulu ya sekondale m'dziko muno sangaiwale tsiku limene aphunzitsi a Chingerezi adalemba chiganizo chachitali pa bolodi, n'kudula mzere kunsi kwa mawu angapo, kenaka n'kutembenukira kalasi ndi funso loti titchule mtundu wa nthambi ya chiganizoyo ndi ntchito yake. Ife tili Fomu 2 funsoli linkatiziziritsa nkhongono. Aphunzitsi athu ankajambula mizere inayi kuchokera pamwamba pa bolodi mpaka pansi, ndipo chiganizo chija ankachiduladula monga mmene amagawira nyama ya pa ukwati: nthambi yoima payokha apa, nthambi yadzina apo, yamfotokozi ndi yamuonjezi m'malo mwake. Wolakwitsa ankatsala m'kalasi anzake akupita kukadya. Mnzanga amene tinkakhala naye desiki limodzi anali katswiri pa masamu ndi sayansi, koma pa mayeso a Fomu 4 adagwa Chingerezi. Popeza kwa zaka zambiri lamulo lakhala loti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, zaka zake zinayi zidathera pomwepo, ndipo adabwerera kumudzi kukagwira khasu.

Masiku amenewo tinkaganiza kuti malamulo a nthambi za chiganizo adabadwa pamodzi ndi Chingerezi chimene, ndi kuti mwana wa ku London amatuluka m'mimba akudziwa kale kusiyanitsa nthambi yadzina ndi yamuonjezi. Nditakula n'kuyamba kuwerenga mbiri ya chiyankhulochi ndidapeza zina. Chiganizo cha Chingerezi chidatenga zaka zoposa 1,000 kuti chifike pamene chili lero, pomwe njira yochidulira m'nthambi idalowa m'masukulu a ku England m'zaka za m'ma 1850, ndipo idachita kubwerekedwa kwa Ajeremani. Nkhani ino ikulondola mbiri ziwirizi, chifukwa munthu amene chikoti chidamukwapula ali ndi ufulu wodziwa mtengo umene chidathyoledwako.

Chingerezi cha makolo awo

Amene adabweretsa Chingerezi pa chilumba cha Britain anali mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, yomwe idaoloka nyanja m'zaka za m'ma 400 kuchokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark. Chiyankhulo chawo, chimene akatswiri amachitcha Chingerezi Chakale, Mngerezi wa lero sangachimve pokhapokha atachiphunzira ngati chiyankhulo chachilendo. Dzina lililonse linali m'gulu lake, lachimuna, lachikazi kapena losakhala mbali, ndipo linkasintha kumapeto kwake molingana ndi ntchito imene likugwira m'chiganizo. Maonekedwe akuluakulu a dzina anali anayi: a mwininkhani, a pamtherankhani, osonyeza umwini ndi osonyeza wolandira chinthu. Ngakhale kaliwu kamene lero ndi "the" kankasintha. Mfumu ikakhala mwininkhani ankati "se cyning", koma ikakhala yochitidwa kanthu ankati "þone cyning".

Chifukwa cha ichi mawu anali ndi ufulu woyendayenda m'chiganizo. "Se hund bat þone cyning" ndi "Þone cyning bat se hund" ndi ziganizo ziwiri za tanthauzo limodzi, loti galu adaluma mfumu, pakuti "se" ndi "þone" asonyeza kale woluma ndi wolumidwa. Woyankhula Chichewa sangadabwe nazo zimenezi. Tikati "Galu adayiluma mfumu" kapena "Mfumu adayiluma galu", yolumidwa ndi mfumu ndithu, chifukwa agwirizanitsi "a-" ndi "-yi-" amene ali mu mneni atiuza zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti Chingerezi Chakale chinkaika chizindikiro pa dzina, pamene Chichewa chimachiika pa mneni. Komabe ufuluwo unali ndi malire. M'nthambi yoima payokha mneni ankakonda malo achiwiri, ndipo m'nthambi yosaima payokha kawirikawiri ankathawira kumapeto, monga zimachitikira m'Chijeremani mpaka lero.

Alembi a mbiri ya zochitika za chaka ndi chaka yotchedwa Anglo-Saxon Chronicle, yomwe idayambika m'masiku a Mfumu Alfred ya ku Wessex, imene idalamulira kuyambira 871 mpaka 899, ankakonda kungondondomeza ziganizo zazifupi n'kumazilumikiza ndi timawu totanthauza "ndipo" kapena "pamenepo", monga mmene agogo amachitira pokamba nthano: ndiye kalulu adapita, ndiye adapeza njovu, ndiye adayinyenga. Ziganizo za nthambi zambiri zidayamba kuchuluka m'zolembedwa pamene Alfred ndi ansembe ake adagwira ntchito yomasulira mabuku a Chilatini, popeza Chilatini cha m'mabuku chinali chozolowera kulowetsa ganizo m'kati mwa ganizo linzake.

Mmene mawu adatayira ufulu wawo

Zinthu zitatu zidathandizana kugwetsa dongosolo lakale lija. Choyamba chinali m'kamwa mwa eni ake. Angerezi ankatsindika phatikizo loyamba la liwu, motero maphatikizo a kumapeto adayamba kumveka mofooka mpaka onse adafanana, ndipo khutu silinkathanso kusiyanitsa dzina la mwininkhani ndi la wolandira chinthu. Chachiwiri chinali kubwera kwa ma Viking ochokera ku Denmark ndi Norway, amene adaononga nyumba ya ansembe ya Lindisfarne m'chaka cha 793, ndipo patapita zaka pafupifupi 80 adayamba kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Chiyankhulo chawo chinali pachibale ndi Chingerezi: masinde a mawu ambiri anali ofanana, koma mathero ake anali osiyana. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti anthu a mitundu iwiriyi pokumana pa msika ndi m'mabanja ankangogwira tsinde la liwu n'kusiya mathero, ndipo umboni wake ndi wakuti kutayika kwa matherowo kudayambira kumpoto, kumene alendowo adachuluka. Alowam'malo akuti "they", "them" ndi "their" ndi mphatso ya ma Viking omwewa.

Chachitatu chinali nkhondo ya ku Hastings ya mu 1066, pamene William wa ku Normandy adagonjetsa England. Kuyambira pamenepo Chifalansa ndi Chilatini ndizo zidatenga malo ku nyumba ya mfumu, m'makhothi ndi m'tchalitchi, ndipo Chingerezi chidatsala ndi alimi ndi antchito, opanda alembi oteteza kalembedwe kakale. Ansembe a ku Peterborough okha ndiwo adapitiriza kulemba mbiri ya chaka ndi chaka ija m'Chingerezi mpaka 1154, ndipo amene amawerenga masamba awo omaliza amaona ndi maso mmene mathero a mawu akuyoyokera. Pofika pamenepo "se" ndi "þone" anali atayamba kale kusanduka kaliwu kamodzi kosasintha.

Zizindikiro zitachoka pa mayina, ntchito yosonyeza woluma ndi wolumidwa idagwera pa malo amene liwu lakhala. Katswiri wa ku America, Charles Fries, adawerengera zimenezi m'chaka cha 1940, ndipo adapeza kuti cha m'ma 1000 pamtherankhani ankabwera mneni asanafike m'pafupifupi theka la ziganizo zimene adaziona, koma pofika 1500 zotere zinali zosakwana ziwiri pa 100 zilizonse. Uku ndiko kubadwa kwa lamulo loyamba limene mwana aliyense amaphunzira, loti mwininkhani atsogole, mneni atsatire, pamtherankhani atsirize. Lero "The dog bit the king" ndi "The king bit the dog" ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri. Ntchito zina zimene mathero ankagwira zidatengedwa ndi aperekezi monga "of" ndi "to".

Chingerezi chidabwerera m'boma pang'onopang'ono. M'chaka cha 1362 padakhazikitsidwa lamulo loti milandu iziyankhulidwa m'Chingerezi, ndipo kuyambira 1417 Mfumu Henry V idayamba kulemba makalata ake m'chiyankhulochi. Alembi a boma a ku Westminster, amene ankalemba makalata ndi zikalata tsiku ndi tsiku, adathandiza kufalitsa kalembedwe kofanana, ndipo William Caxton atatsegula nyumba yosindikizira mabuku komweko mu 1476 kalembedweko kadafika kutali. M'zaka zomwezi chiyankhulochi chidapeza alumikizi atsopano oyambitsira nthambi. Liwu loti "because" lidaoneka m'zaka za m'ma 1300, ndipo theka lake ndi Chifalansa. Mawu oti "which" ndi "who", amene kale anali ofunsira mafunso, adayamba kugwira ntchito yotsegula nthambi yamfotokozi, ndipo "who" adayamba kuoneka motero m'makalata a m'zaka za m'ma 1400.

Chomaliza kukhazikika chinali kaliwu ka "do" kamene kamavutitsa ana athu pofunsa ndi pokana. M'masiku a William Shakespeare, amene adamwalira mu 1616, munthu ankatha kufunsa kuti "Why came you late?" kapena "Why did you come late?" popanda womudzudzula. Katswiri wa ku Sweden, Alvar Ellegård, adasonyeza mu 1953 mmene "do" adafalikira m'zaka za m'ma 1500, mpaka cha m'ma 1700 pamene adakhala ngati lamulo m'mafunso ndi m'ziganizo zokana. Choncho mwana amene waiwala "did" pa mayeso walakwira lamulo limene lidakhazikika Chingerezi chitakhala kale pa chilumbacho zaka zoposa 1,000.

Galamala yovala malaya obwereka

Pamene chiganizo chinkasintha chonchi m'kamwa mwa anthu, ophunzira sankachiyang'ana n'komwe. Kwa iwo galamala inali ya Chigiriki ndi Chilatini. Buku lakale la galamala ya Chigiriki, limene amati adalemba Dionysius Thrax cha m'ma 100 Khristu asanabadwe, lidagawa mawu m'mitundu isanu ndi itatu, koma silidafotokoze kamangidwe ka chiganizo. Apollonius Dyscolus wa ku Alexandria ndi Priscian, amene adaphunzitsa Chilatini ku Constantinople cha m'ma 500, adalembapo za kalumikizidwe ka mawu, koma chidwi chawo chinali pa mgwirizano wa liwu ndi liwu linzake. Nkhani yogawa chiganizo chachitali inali ya aphunzitsi a luso loyankhula pa bwalo. Agiriki ankatcha chiganizo chathunthu "periodos", chigawo chake chachikulu "kolon", ndi kachidutswa kake "komma", ndipo muyeso wake unali mpweya wa woyankhula. Mayina amenewa ndiwo adasanduka mayina a zizindikiro za m'kalembedwe m'Chingerezi. Nalonso liwu loti "clause" lidachokera ku "clausula" ya Chilatini, kutanthauza chitsekero cha chiganizo. Mwininkhani ndi mnenankhani anali kwina, m'phunziro la kaganizidwe kolongosoka limene adayala Aristotle.

Ku England, cha m'ma 1540, Mfumu Henry VIII idalamula kuti masukulu onse azigwiritsa ntchito galamala imodzi ya Chilatini, yodziwika ndi dzina la William Lily. William Bullokar atalemba galamala yoyamba ya Chingerezi mu 1586 adangotenga chikombole cha Lily n'kuthiramo Chingerezi, ndipo adachipatsa maonekedwe a dzina amene chidali chitataya kalekale. Galamala ya Ben Jonson, yomwe idatuluka mu 1640 mwini wake atamwalira, nayonso idatsamira pa Chilatini. Amene adaona vutoli anali John Wallis, mphunzitsi wa masamu ku Oxford, yemwe mu 1653 adadandaula kuti anzake ankakakamiza Chingerezi kuvala malaya osachikwana. Chodabwitsa n'chakuti dandaulo lakelo adalilemba m'Chilatini.

M'zaka za m'ma 1700 anthu amalonda ndi amisiri amene adayamba kupeza bwino adafuna kuti ana awo aziyankhula ngati ana a mabwana, ndipo mabuku a galamala adasanduka malonda otentha. Joseph Priestley, amene amadziwika kwambiri pa sayansi, adalemba mu 1761 kuti muyeso wa chiyankhulo ndi mmene anthu amachiyankhulira. Chaka chotsatira Robert Lowth, amene pambuyo pake adakhala bishopu wa London, adatulutsa kabuku kamene kadaonetsa zolakwa za alembi otchuka m'munsi mwa masamba ake. Lowth adaphunzitsa kuti mawu awiri okana m'chiganizo chimodzi amafafanizana, ngakhale kuti Geoffrey Chaucer, amene adamwalira mu 1400, ankaunjika mawu okana pofuna kutsindika. Za mperekezi wokhala kumapeto kwa chiganizo, zimene John Dryden adadzudzula mu 1672, Lowth adavomera kuti Angerezi amayankhula motero, koma adati m'zolemba zaulemu ndi bwino kupewa. Odzabwera pambuyo ndiwo adasandutsa uphunguwo kukhala lamulo.

Wofalitsa kwambiri ziphunzitsozi anali Lindley Murray, loya wobadwira ku America amene adakhazikika pafupi ndi York. Galamala yake ya mu 1795 adailembera sukulu ya atsikana ya mpingo wa Quaker mu mzindawo, koma idasindikizidwa kambirimbiri ku Britain ndi ku America. Ntchito ya mwana m'buku la Murray inali iwiri: kutenga liwu lililonse palokha n'kutchula mtundu wake ndi lamulo limene likulilamulira, komanso kukonza ziganizo zolakwika mwadala. Mizere inayi ya pa bolodi ija inali isanabadwe.

Nthambi zichokera ku Germany

Ganizo loti chiganizo chimodzi chikhoza kubisa ziganizo zina m'kati mwake lidamveka kale mu galamala ya ku Port-Royal ku France, imene Antoine Arnauld ndi Claude Lancelot adatulutsa mu 1660. Koma amene adalisandutsa phunziro la m'kalasi anali Ajeremani awiri. Simon Herling, mphunzitsi wa ku Frankfurt, adagawa nthambi zosaima pazokha m'mitundu itatu m'zaka za m'ma 1820, ndipo Karl Ferdinand Becker, dokotala wa zachipatala amene adatembenukira ku zachiyankhulo, adafalitsa njirayi kudzera m'buku lake la mu 1827 lotchedwa Organism der Sprache ndi mabuku ena a sukulu. Becker, monga dokotala, ankaona chiyankhulo ngati thupi lamoyo. Kwa iye poyambira panali chiganizo chathunthu, ndipo mawu anali ziwalo zake.

Mfundo yawo inali yosavuta kuitsata. Nthambi yosaima payokha ndi liwu limene lakula n'kukhala ndi mneni wakewake. Mu "I know the answer" muli dzina, ndipo mu "I know that he lied" malo a dzina lija atengedwa ndi gulu la mawu, choncho gululo ndi nthambi yadzina. Mu "the tall man" muli mfotokozi, ndipo mu "the man who sells fish" mfotokoziyo wakula kukhala nthambi yamfotokozi. Mu "she came early" muli muonjezi, ndipo mu "she came before the rain started" muli nthambi yamuonjezi. Aliyense amene adakhoza funso la aphunzitsi athu lija ankayenda m'mapazi a Herling ndi Becker osadziwa.

Amene adaolotsa njirayi kupita nayo ku England anali wantchito wa boma. John Daniel Morell adaphunzirako ku Bonn, ndipo mu 1848 adasankhidwa kukhala woyendera masukulu. Mu 1852 adatulutsa kabuku kotchedwa The Analysis of Sentences, kotsata Becker. Buku lolembedwa ndi woyendera masukulu silisowa owerenga, pakuti mphunzitsi aliyense amafuna kudziwa zimene bwana adzafunse. Nthawi yakenso inali yabwino. Mayeso olembedwa anali akufalikira: yunivesite ya Cambridge idayamba kuyesa ana a m'masukulu mu 1858, boma lidayamba kulemba antchito ake kudzera m'mayeso, ndipo lamulo la maphunziro la mu 1870 lidachulukitsa masukulu a pulayimale. M'kuona kwanga, chimene chidakometsa kuduladula ziganizo pamaso pa oyesa mayeso n'chakuti n'kosavuta kuchonga. Chimangirizo cha mwana anthu awiri akhoza kuchipatsa malikisi osiyana, koma nthambi ikakhala yamuonjezi ndi yamuonjezi basi. Ku America njira yomweyi idatenga maonekedwe a zojambula, makamaka Alonzo Reed ndi Brainerd Kellogg atatulutsa buku lawo mu 1877, momwe nthambi iliyonse inkalendewera pa mzere wake.

Kuchokera ku England phunziroli lidayenda ndi ufumu wa Britain. John Collinson Nesfield, amene adagwira ntchito zaka zambiri mu dipatimenti ya maphunziro ku India, adalemba mabuku a galamala odzaza ndi matebulo oduliramo ziganizo, ndipo lina mwa iwo, English Grammar Past and Present, lidatuluka mu 1898. Mu 1935 kudabweranso buku la Wren ndi Martin, lolembedwera masukulu a ku India komweko. Kuno kwathu sukulu zidabwera ndi amishoni, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, koma sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940, kenaka Zomba Catholic mu 1942 ndi Dedza mu 1951. Ophunzira ake ankalemba mayeso a Cambridge, ndipo Chingerezi chinali khomo lolowera pa ukalaliki ndi pa uphunzitsi. Aphunzitsi amene adatiphunzitsa ife adaphunzitsidwa ndi anthu amene adakulira m'mabuku oterewa.

Njirayi sidathere pa Chingerezi. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress utagamula mu 1968 kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, padafunika mawu ophunzitsira galamala ya Chichewa m'Chichewa. Mabuku a sukulu, monga Zofunika mu Galamala wa Chichewa la a Nankwenya, adazika m'mitu mwathu mawu ngati mneni, mfotokozi ndi muonjezi. Tikayang'ana kagawidwe ka nthambi kamene ana amaphunzira m'phunziro la Chichewa, yadzina, yamfotokozi ndi yamuonjezi, tipeza kuti ndi kagawidwe komwe kaja ka ku Frankfurt. Amene adasankha liwu loti "nthambi" adasankha bwino, chifukwa likugwirizana ndi ganizo la Becker la chinthu chamoyo chimene chimaphuka.

Akatswiri aunikanso

Pamene phunziroli linkazika mizu m'maiko olamulidwa ndi Britain, akatswiri a chiyankhulo anali atayamba kale kuliunikanso. Henry Sweet, mu galamala yake imene gawo loyamba lidatuluka mu 1891, adati ntchito ya wolemba galamala ndi kufotokoza zimene anthu amanena. Otto Jespersen wa ku Denmark adasonkhanitsa zitsanzo zikwizikwi m'mabuku asanu ndi awiri amene adatuluka pakati pa 1909 ndi 1949. Mu 1957 Noam Chomsky adatulutsa Syntactic Structures, ndipo iye ndi omutsatira adatsindika kuti nthambi ikhoza kulowa m'nthambi inzake, iyonso n'kulowa m'ina, popanda malire, n'chifukwa chake munthu amatha kunena chiganizo chimene sichinanenedwepo chiyambire. Ku London, Randolph Quirk adayambitsa mu 1959 ntchito yosonkhanitsa Chingerezi chenicheni choyankhulidwa ndi cholembedwa, ndipo mu 1985 iye ndi anzake atatu adatulutsa galamala yaikulu imene idasonyeza kuti nthambi za Chingerezi zimamangidwa pa mafupa asanu ndi awiri okha, kuyambira mwininkhani ndi mneni paokha mpaka mneni wokhala ndi apamtherankhani awiri.

Mu 2002 Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, mu The Cambridge Grammar of the English Language, adakana kagawidwe ka Herling kaja. Chifukwa chawo chimamveka tikayesa tokha. Timanena kuti "I am glad that he came", koma sitinganene kuti "I am glad his arrival". Ngati gulu la mawu loti "that he came" likukhala pamalo pamene dzina silingakhale, kulitcha nthambi yadzina n'kusokoneza. Iwo adasankha kugawa nthambi potengera mmene zamangidwira m'kati mwake. Ku England komweko masukulu ambiri a boma adaleka kuphunzitsa galamala m'zaka za m'ma 1960, ponena kuti sithandiza ana kulemba bwino. Idayamba kubwerera lamulo la maphunziro la mu 1988 litabweretsa silabasi ya dziko lonse, ndipo mu 2013 boma lidayambitsa mayeso a galamala a ana a zaka 11. Ndiye kuti m'zaka zimene ife tinkatuluka thukuta ndi nthambi yamuonjezi, anzathu ambiri a msinkhu wathu ku England anali asanaimvepo.

Chichewa nacho chidapeza oyang'ana kamangidwe kake popanda magalasi obwereka. Mark Hanna Watkins adatulutsa A Grammar of Chichewa mu 1937, ndipo amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali Kamuzu Banda, pa nthawi imene ankaphunzira ku Chicago. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adasonyeza kuti mneni wa Chichewa akakhala ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani, mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani akhoza kusanjidwa m'njira zonse zisanu ndi imodzi, ndipo Mchombo adafotokoza zambiri mu The Syntax of Chichewa ya mu 2004. Chiyankhulo chimene chingathe kunena chiganizo chonse m'liwu limodzi, monga "sindidzakuuzaninso", ndiponso chili ndi mvekero ngati "phwii" ndi "zii", sichingakwane bwinobwino m'tebulo limene adalipangira Chijeremani ndi Chingerezi.

Phindu lake ndi lotani

Wina angaganize kuti ndikunena kuti aphunzitsi athu adatitayitsa nthawi. Ayi ndithu. Pa ntchito yanga ya m'boma ndimalandira makalata ndi zikalata zimene chiganizo chimodzi chimadzaza theka la tsamba. Lucius Sherman wa ku Nebraska adapeza mu 1893 kuti ziganizo za alembi a Chingerezi zidafupika ndi pafupifupi theka kuchokera m'zaka za m'ma 1500 kufika m'masiku ake, ndipo mu 1948 Sir Ernest Gowers adalemba Plain Words atapemphedwa ndi boma la Britain kuti aphunzitse antchito ake kulemba zomveka. Uthengawu sudafike m'maofesi onse. Ndikakumana ndi chiganizo chotere ndimachita zimene ndidaphunzira ku Fomu 2: ndimafunafuna mneni wamkulu, ndipeze mwininkhani wake, kenaka ndione nthambi zimene zikulendewera. Kawirikawiri mbola imakhala m'nthambi ya kumapeto, yoyamba ndi "unless" kapena "provided that". Ndaonapo mayi wamasiye atasayina pepala la ngongole atangomva nthambi yoima payokha, osadziwa kuti nthambi yosaima payokha ndiyo idzamulande nyumba.

Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa n'chakuti matebulo aja ndi chida chimene anthu odziwika mayina adachipanga pa zifukwa zawo, ndipo anthu enanso adachikonza ataona pamene chikulephera. Chida chimaweruzidwa ndi ntchito yake. Mwana amene angathe kutchula mitundu yonse ya nthambi yamuonjezi koma sangathe kumasulira agogo ake kalata yochokera ku khothi sadapindule kanthu. Ndiponso mwana aliyense wofika ku Fomu 1 amabwera ndi nthambi zake kale. Amene amatha kunena kuti "Ndikadadziwa kuti mubwera, ndikadapha nkhuku imene mudandipatsa ija" wamanga chiganizo cha nthambi zinayi popanda womuphunzitsa. Mphunzitsi woyambira pa chiganizo chotere, n'kumusonyeza mwanayo kuti Chingerezi chimachita zomwezo koma chimadalira malo a mawu chifukwa chidataya zizindikiro zake kalekale, angachotse mantha ambiri m'kalasi.

Mnzanga uja ndidakumana naye chaka chatha pa maliro kumudzi. Ndiye adasankhidwa kuyankhula m'malo mwa banja, ndipo adayankhula kwa mphindi khumi, ziganizo zazitali zolukana bwino, zina zoyamba ndi "ngakhale", zina ndi "pokhapokha", osasochera ngakhale pamodzi. Anthu adatchera khutu mpaka adamaliza. Pobwerera ndidamukumbutsa za mizere inayi ya pa bolodi ija, ndipo adaseka n'kundiuza kuti mwana wake wamkazi ali Fomu 2, ndipo sabata yomweyo adabwera kunyumba ndi funso lomwe lija.